Lipoti la wodwala: chimfine cha mungu wa Artemisia mwa mphunzitsi wa ku Yulin, ndi utsi umene unaulula mphumu

Lipotili likufotokoza za mayi wina wa zaka 38, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale mumzinda wa Yulin, kumpoto kwa chigawo cha Shaanxi m'dziko la China, amene ndinawathandiza kwa zaka ziwiri zotsatizana pa vuto la chimfine chimene chimawagwira nyengo imodzimodzi chaka ndi chaka. Ntchito ya zachipatala ndinayambira kwathu ku Malawi, ndipo chimene chinandikokera ku Shaanxi kukaphunzira mankhwala achikhalidwe cha ku China ndi madokotala ochokera m'chigawo chimenechi amene akhala akutumizidwa ku zipatala za Kamuzu Central ndi Mzuzu Central kuyambira 2008. Pa nthawi ya nkhaniyi ndinkagwira ntchito moyang'aniridwa ndi dokotala wamkulu, amene m'lipotili ndiziwatchula kuti aphunzitsi anga. Dzina la wodwala ndi la chipatala sindinalembe, ndipo mayiwa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe. Ndailemba mwatsatanetsatane chifukwa mkati mwake muli kulakwitsa kwanga, kumene ndikufuna kuti anzanga a ntchito imeneyi akudziwe.

Malo ndi nyengo

Mzinda wa Yulin uli m'mphepete mwa chipululu cha Mu Us. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, boma ndi anthu a m'derali akhala akudzala zomera zogwira mchenga kuti usakwirire minda ndi midzi, ndipo mbewu zina zinkafesedwa ndi ndege. Pakati pa zomera zimenezi pali zitsamba za mtundu wa Artemisia zimene eni dera amazitcha shahao. Ntchitoyi inatheka ndithu, mchenga unagwidwa, koma zitsambazi, pamodzi ndi mitundu ina ya Artemisia yomera yokha, zimatulutsa mungu wopepuka wouluka ndi mphepo kuyambira chapakati pa mwezi wa Ogasiti mpaka kumapeto kwa Seputembala. M'masabata amenewa m'zipatala mumadzaza anthu oyetsemula, a maso ofiira, atakumbatira mapaketi a mapepala opukutira mphuno.

Anthu a kumeneko sawerenga nyengo ndi miyezi yokha. Kalendala yawo ya makolo imagawa chaka m'zigawo 24 motsatira kayendedwe ka dzuwa, ndipo bungwe la UNESCO linalemba kagawidwe kameneka m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu mu 2016. Wodwala akafunsidwa kuti matenda anayamba liti, kawirikawiri amayankha ndi dzina la chigawo. Mayiwa anati chimfine chawo chimayamba patapita sabata imodzi kuchokera pa Liqiu, tsiku loyambira nyengo yogwa masamba limene limakhala pa 7 kapena 8 Ogasiti, chimafika poipitsitsa pa Chushu cha pa 23 Ogasiti, ndipo chimayamba kuzilala ikadutsa Bailu kumayambiriro kwa Seputembala. Yankho lolunjika chotere ndi lamtengo wapatali kwa wochiritsa, chifukwa chimfine chosunga kalendala chimakhala chitadziulula kale kuti chimachokera ku mungu.

Mbiri ya matenda

Anabwera sabata yomaliza ya Ogasiti, vuto lili pachimake, ndipo chinali chaka chachisanu ndi chimodzi akuvutika nalo. M'mawa uliwonse ankayetsemula kakhumi kapena kupitirira motsatizana, mamina oyera ngati madzi akuchucha osaleka, m'mphuno ndi m'kamwa chakumwamba mukuyabwa, maso akulengeza misozi. Usiku mphuno zinkatsekeka moti ankagona chokhala, atatsamira mapilo atatu, akupumira pakamwa. Chaka chapitacho analephera kupita ku sukulu masiku asanu ndi anayi, ndipo chimene chinkawawawa kwambiri ndi chakuti sukulu zimatsegulidwa kumayambiriro kwa Seputembala, nthawi imene mphunzitsi amafunika mawu ndi mutu wabwino kuti alandire ana atsopano.

Mankhwala anali atayesa angapo. Cetirizine ankawathandiza koma ankawodzera naye m'kalasi. Mankhwala a steroid opopera m'mphuno anawagwiritsa ntchito masiku atatu okha n'kuwasiya, poti sanaone kusintha msanga ndiponso anamva kwa anzawo kuti amanenepetsa. Chimene ankadalira ndi kabotolo ka madontho a naphazoline kogula m'sitolo ya mankhwala, kamene ankadonthezera m'mphuno kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku kwa masabata atatu. Madontho amenewa amafinya mitsempha ya magazi ya m'mphuno ndipo mphuno imatseguka nthawi yomweyo, koma akapitirira sabata imodzi mphuno imayamba kutupa kwambiri mphamvu yake ikangotha, munthu n'kumaonjezera mlingo. Gawo lina la kutsekeka kwa mphuno kwa mayiwa linali lochokera ku kabotolo kameneka.

Nditafunsa za zakudya, anati akadya pichesi milomo ndi pakhosi pamayabwa, ndipo masamba a celery amawachitanso chimodzimodzi. Anatinso apongozi awo amawaphikira tiyi wa maluwa a juhua tsiku lililonse m'nyengoyi pofuna kuwaziziritsa maso. Za chifuwa ndinafunsa funso limodzi lokha. Anayankha kuti amatsokomola pang'ono usiku, koma ndi fumbi la choko, mphunzitsi aliyense ali nacho. Ndinalemba yankholo m'faelo n'kupitirira, ndipo apa ndi pamene kulakwitsa kwanga kunayambira.

Sanali oyembekezera, sasuta fodya, ndipo bambo awo anali ndi chimfine cha mtundu womwewu. Ankadandaulanso za mtima kugunda mofulumira madzulo ndi tulo tosagwira bwino.

Zimene tinapeza powayeza

Kuthamanga kwa magazi kunali 132/84, mtima ukugunda ka 92 pa mphindi. M'mphuno munali motupa, motuwa, monyowa. Pa chifuwa sindinamve kulira kulikonse masana amenewo. Mphamvu ya mpweya wotuluka, poyeza ndi kachipangizo kouzira, inali malita 390 pa mphindi. Pa muyeso wa zizindikiro zinayi za m'mphuno, umene kuyetsemula, kuchucha mamina, kuyabwa ndi kutsekeka zimapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 3 chilichonse, anapeza 11 mwa 12. Mayeso a pakhungu anaonetsa kuti thupi lawo limadana kwambiri ndi mungu wa Artemisia, ndipo ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba silinaonetse kanthu. Magazi oyezera chiwindi ndi impso anali bwino.

Kuyeza kwa chikhalidwe cha ku China kumayang'ana zina. Nkhope inali yotuwa, mawu otsika. Lilime linali lotuwa, lonenepa pang'ono, m'mbali mwake muli zipsera za mano, pamwamba pali zoyera zopyapyala ndi zonyowa. Kugunda kwa mtsempha wa pa dzanja kunali kofooka, makamaka ku dzanja lamanja. Anati amatuluka thukuta ngakhale atangokwera masitepe ochepa, kamphepo kakangowomba pakhosi amayamba kuyetsemula, akadya amamva ulesi ndi m'mimba kulemera, ndipo chimbudzi chimakhala chofewa masiku ambiri. M'miyezi yotentha ankakonda mavwende a m'firiji ndi madzi oziziritsa.

Matendawa m'mabuku akale amatchedwa biqiu, mawu opezeka kale mu Huangdi Neijing, buku limene linasonkhanitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Aphunzitsi anga anagamula kuti ndi biqiu yochokera ku kufooka ndi kuzizidwa kwa qi (mphamvu yoyendetsa thupi) ya mapapo, pamodzi ndi kufooka kwa qi ya kapamba. Mawu amenewa ayenera kumveka bwino, chifukwa akawamasulira mwachisawawa amasokoneza. Mapapo m'chiphunzitso chimenechi si chiwalo choonekera pa chithunzi cha X-ray chokha, koma ndi dzina la ntchito zingapo zoyendera pamodzi: kupuma, khungu, thukuta, mphuno, ndi mphamvu yotchinjiriza kunja kwa thupi yotchedwa weiqi. Kapamba nayenso ndi dzina la ntchito yogaya chakudya ndi kuyendetsa madzi m'thupi. Tanthauzo lake ndi lakuti mpanda wa thupi ndi wogumuka, mphepo imalowa mosavuta, ndipo madzi amene anayenera kuyenda akutulukira m'mphuno. Ine ndimatenga mawuwa ngati njira yosanjira odwala m'magulu kuti tisankhe mankhwala, osati ngati umboni wakuti kapamba wa mayiwa anali ndi nthenda. Chimene chimachitika m'mphuno chikudziwika: mungu umakumana ndi zoteteza thupi zotchedwa IgE, maselo n'kutulutsa chinthu chotchedwa histamine, ndipo zambiri mwa zimene ankadandaula zimachokera pamenepo.

Chithandizo cha nyengo yoyamba

Choyamba chinali kuchotsa kabotolo ka naphazoline. Tinagwirizana kuti asiye mphuno imodzi kaye kwa masiku anayi, kenako inayo, uku akupopera mometasone, amene ndi steroid wa m'mphuno, m'mawa uliwonse ndi kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere. Ndinawafotokozera kuti mankhwala opoperawa amafuna masiku angapo kuti agwire bwino ntchito, ndipo kachulukidwe kake ndi kochepa moti sanganenepetse munthu. M'malo mwa cetirizine tinawapatsa loratadine. Tiyi wa juhua tinawaletsa, chifukwa duwa limeneli ndi la banja limodzi ndi Artemisia, banja lomwe kwathu muli chisoso ndi mpendadzuwa, ndipo anthu ena odana ndi mungu wa Artemisia amadananso nalo. Kuyabwa kwa pichesi ndi celery kulinso m'gulu lomweli la zinthu zimene thupi limazisokoneza ndi munguwo.

Pa zitsamba ndinali ndi maganizo anga. Mamina a madzi, kuopa kuzizira ndi lilime lonyowa zinandifikitsa pa Xiao Qing Long Tang, msakanizo wa Zhang Zhongjing wa m'buku la Shanghan Lun, lolembedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 200. Aphunzitsi anga anagwira pepala langa, n'kuloza mzere umene ndinalemba za mtima ndi tulo, ndipo anandifunsa kuti mahuang wa mumsakanizowo adzachita chiyani mwa munthu wotere. Mahuang ndi chitsamba chimene muli ephedrine, amene amafulumizitsa mtima, kukweza magazi ndi kuthawitsa tulo, ndipo ku America mankhwala owonjezera m'thupi okhala nacho analetsedwa mu 2004. Mumsakanizo womwewo muli xixin, muzu umene mlingo wake wovomerezeka ku China sudutsa magalamu 3 pa tsiku chifukwa cha ululu wake. Msakanizowo unkagwirizana ndi mphuno, koma sunkagwirizana ndi munthu.

Tinasankha kuphatikiza misakanizo iwiri yodziwika. Woyamba ndi Yu Ping Feng San, dzina lotanthauza chotchinga mphepo cha mwala wamtengo wapatali, umene kawirikawiri amaulumikiza ndi sing'anga Zhu Danxi wa m'zaka za m'ma 1300. Uli ndi mizu itatu: huangqi wolimbitsa mpanda wa thupi, baizhu wolimbitsa kagayidwe, ndi fangfeng wothamangitsa mphepo. Wachiwiri ndi Cang Er Zi San wa Yan Yonghe, wa mu 1253, umene ntchito yake ndi kutsegula mphuno. Mlingo wa tsiku limodzi unali huangqi magalamu 20, baizhu 10, fangfeng 10, xinyi 6, baizhi 6, cang'erzi wokazinga 6, guizhi 6, wuweizi 5 ndi gancao 3, zowiritsa kawiri, kumwa m'mawa ndi madzulo. Xinyi ndi timaluwa tosaphukira ta mtengo wa magnolia, ndipo timamangidwa m'kansalu powiritsa chifukwa ubweya wake umakanda pakhosi. Cang'erzi ndi tizipatso ta minga timene timakakamira pa zovala ndi pa ubweya wa nkhosa. Tili ndi poizoni wowononga chiwindi, choncho timakazingidwa kaye, mlingo wake sudutsa magalamu 10, ndipo sitimwedwa nthawi yaitali. Milingo imeneyi ndaionetsa kuti anzanga aone kaganizidwe kathu pa wodwala mmodzi ameneyu. Si yoti wina aikopere n'kukagula yekha.

Masingano owonda opanda mankhwala, a njira ya ku China yotchedwa acupuncture, tinkabaya kawiri pa sabata: pa Yingxiang m'mbali mwa mphuno, pa Yintang pakati pa nsidze, pa Fengchi kuseri kwa mutu, pa Hegu pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, ndi pa Zusanli pansi pa bondo. Hegu sabayidwa mwa mayi woyembekezera, n'chifukwa chake funso la mimba limafunsidwa ulendo uliwonse. Masingano ankakhala mphindi 25. Pa ulendo woyamba womwewo, patangopita mphindi zochepa, mayiwa anatseka pakamwa n'kukoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, kenako anati, “Adokotala, yatseguka ya kumanzere.” Kutseguka kotere kumatenga maola ochepa chabe poyamba, ndipo ndinawauza zimenezo kuti asadzakhumudwe madzulo.

Zimene zinachitika pa ulendo wachitatu

Tsiku limenelo aphunzitsi anga anali ku msonkhano. Mayiwa anabwera muyeso wawo utatsika kufika pa 8, koma akudandaulabe za kuzizidwa ku msana. M'chiphunzitso chathu matenda ozizira amafuna kutenthetsa, ndipo njira yake yodziwika ndi kufukiza ndi ndodo ya masamba ouma otchedwa aiye, imene imayatsidwa n'kuigwira pafupi ndi khungu pa malo osankhidwa. Ndinayatsa ndodo imodzi n'kuyamba pa Dazhui, pansi pa khosi, ndikufuna kupitirira pa Feishu m'mbali mwa msana. Chipindacho chinali chaching'ono, ndipo zenera ndinali nditatseka ndekha pofuna kuti mungu usalowe.

Pasanathe mphindi khumi anayamba kutsokomola. Poyamba ndinaganiza kuti ndi kukanda kwa pakhosi chabe, koma chifuwacho chinali chouma, chotsatizana, ndipo anadzuka n'kukhala tsonga atagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri, mapewa atakwera. Polankhula ankadula mawu pakati kuti apume. Nditaika chomvera pa msana ndinamva kulira kwa mluzu mbali zonse ziwiri. Ndinazimitsa ndodoyo, kuzula masingano, kuwatulutsa m'chipindamo, ndipo namwino anabweretsa salbutamol, mankhwala okoka otsegula timachubu ta mpweya. Mphamvu ya mpweya inali itagwa kufika pa 260. Anakoka mankhwalawo kanayi kudzera m'kachubu, ndipo patapita mphindi 20 inakwera kufika pa 360, kulira kuja kutachepa. Tinawasunga maola awiri tikuwayang'anira, ndipo anapita kwawo ataperekezedwa ndi amuna awo, atanyamula salbutamol m'chikwama.

Ndisanawalole kupita ndinakhala nawo pansi n'kuwauza zoona zake. Ndinati, “Amayi, ine ndalakwitsa pawiri. Sindinakufunseni bwino za chifuwa chanu, ndiponso ndayatsa utsi m'chipinda chotseka. Ndikupepesa.” Atamva zimenezo anafotokoza zimene sanazinene poyamba: chifuwa cha choko chija chimabwera mu Seputembala mokha, chimawadzutsa cha m'ma 3 koloko usiku, ndipo tchuthi cha nyengo yozizira chikafika sichimveka, komanso m'miyezi ina yonse ya sukulu, choko ali chigwirire, satsokomola. Mafunso atatu okha akanatulutsa zonsezi pa tsiku loyamba.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi dzina la chitsambacho. Aiye ndi masamba a Artemisia argyi, mbale weniweni wa zitsamba zimene mayeso a pakhungu anali ataloza. Ndinaletsa tiyi wa juhua chifukwa cha ubale wa patali, n'kuyatsa m'chipinda chotseka chomera cha mtundu womwewo. N'zoona kuti tsamba si mungu, ndipo moto umawononga zambiri mwa zimene thupi limadana nazo. Utsi wa mtundu uliwonse pawokha umatha kutseka timachubu ta mpweya mwa munthu amene mapapo ake ndi otupa kale. Koma njira zonse ziwiri zimafika pa chigamulo chimodzi, chakuti wodwala chimfine cha mungu, nyengo yake ili mkati, sayenera kufukizidwa mpaka titatsimikiza kuti alibe mphumu. Aphunzitsi anga atabwera sanandikalipire. Anangotenga faelo n'kulemba ndi cholembera chofiira pa chikuto kuti aiye asagwiritsidwe ntchito, ndipo anafufuta cang'erzi pa msakanizo, poti nayenso ndi wa banja lomwelo ndipo xinyi ndi baizhi akanatha kugwira ntchito yake. Baizhu, yemwenso ndi wa banjali, anamusiya chifukwa ndi muzu wowiritsa ndipo mayiwa anali atamwa masiku khumi popanda vuto, koma anati tiziyang'anira.

Tsiku lotsatira anapita ku dipatimenti ya matenda a m'mapapo, kumene mayeso a kapumidwe anatsimikiza mphumu yoyendera nyengo, ndipo anapatsidwa mankhwala okoka a budesonide ndi formoterol. Chimfine cha mungu ndi mphumu ndi matenda a njira imodzi ya mpweya, ndipo kumpoto kwa China zimenezi si nkhani ya m'buku chabe. Mvula ya mabingu ikagwa m'nyengo ya mungu, timbewu ta mungu timasweka n'kukhala tating'ono tolowa mpaka pansi pa mapapo. Kumayambiriro kwa Seputembala 2023 zipatala za mumzinda wa Hohhot zinadzaza usiku umodzi ndi anthu obanika pambuyo pa mvula yotere, ndipo ku Melbourne m'dziko la Australia mu Novembala 2016 anthu khumi anamwalira. Ambiri mwa ogwidwa motere amakhala anthu amene ankadziona kuti ali ndi chimfine chabe.

Nyengo yoyamba inatha muyeso uli pa 5, akugona chogona ndi pilo mmodzi. Zitsamba anamwa masabata anayi, ndipo magazi a chiwindi titabwereza anali bwinobwino.

Pakati pa nyengo ziwiri

Apa ndi pamene mankhwala achikhalidwe cha ku China ali ndi mawu ake enieni. Chiphunzitso chake chimalimbikira pa kuchiza matenda asanabwere, ndipo Huangdi Neijing imafanizira kupereka mankhwala matenda atakula ndi kukumba chitsime ludzu litafika kale. Kwa munthu amene amadziwa sabata imene adzadwale, mfundo imeneyi imasanduka ndondomeko ya pa kalendala, ndipo ndaona kuti odwala a kumeneko amaitsatira mosavuta chifukwa anakulira m'kaganizidwe kameneka.

M'miyezi yozizira sitinapereke zitsamba. Tinakambirana za chakudya basi: phala la xiaomi, timbewu tachikasu tofanana ndi mawere timene ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku kumpoto kwa Shaanxi, lothira chilazi cha shanyao ndi zipatso zouma za hongzao, zimene ndi m'bale wa masau athu ndipo zimalimidwa kwambiri m'maboma a Jiaxian ndi Qingjian m'dera lomwelo la Yulin. Nyengo yotentha itafika anachepetsa mavwende a m'firiji ndi madzi oziziritsa. Sindinganene kuti phala limasintha IgE, koma m'mimba mwawo munakhazikika, ndipo munthu wodya bwino ndi kugona bwino amapirira nyengo ya mungu mosiyana ndi wotopa.

Mu Julayi anapempha okha sanfutie, timapulasitala ta mankhwala timene timamatidwa pa msana m'masiku otentha kwambiri a chaka, katatu motalikirana masiku khumi. Njirayi imachokera m'buku la Zhang Lu la mu 1695, ndipo msakanizo wake wakale ndi njere za mpiru woyera, xixin, gansui ndi yanhusuo, zokandidwa ndi madzi a jinja. M'masiku amenewa pa zipatala za mankhwala achikhalidwe pamakhala mizere yaitali kuyambira mbandakucha. Kunena zoona, ine njira imeneyi sindiikhulupirira kwambiri, chifukwa umboni wake ndi wofooka pomwe kuotcha khungu kwake n'koonekeratu. Ndinawauza maganizo angawo, iwo anasankha kuchita, ndipo tinamata kwa maola awiri okha. Pa ulendo wachiwiri panatuluka kachithuza kamodzi pa Feishu wa kumanja, kamene kanapola m'masiku asanu, ndipo ulendo wachitatu tinafupikitsa kukhala ola limodzi.

Zimene ndinazilimbikira ndi izi. Masabata asanu ndi limodzi Liqiu isanafike anayamba Yu Ping Feng San yekha, wa timibulu tosungunula m'madzi otentha. Masabata atatu isanafike tinayamba masingano kawiri pa sabata. Masabata awiri isanafike anayamba mometasone, ndipo mankhwala okoka anayamba monga anawalangizira a dipatimenti ya mapapo. Anagula chophimba pakamwa ndi mphuno chothina bwino ndi magalasi, zovala anayamba kuyanika m'nyumba, ndipo pofika kunyumba ankasamba nkhope ndi kutsuka m'mphuno asanachite china chilichonse. Za mabingu ndinalemba pa kapepala kamene anamata pa chitseko: mitambo ikada, mphepo ikayamba, atseke mazenera, asatuluke, salbutamol akhale pafupi, ndipo akalephera kumaliza chiganizo popanda kupuma apite ku chipatala osadikira kucha.

Zotsatira ndi kuziunika

M'nyengo yachiwiri muyeso wawo sunadutse 5, ndipo masiku ambiri unali pa 2 kapena 3. Loratadine anamwa masiku 11 m'nyengo yonse, pomwe chaka choyamba ankamwa tsiku lililonse. Ku sukulu anajomba tsiku limodzi. Usiku wina wa mvula ya mabingu anamva chifuwa kuthina, anakoka mankhwala kawiri ali m'nyumba, ndipo zinatha. Thukuta ndi kuopa mphepo zinachepa, zipsera za mano pa lilime zinatsala pang'ono. Naphazoline sanabwererenso.

Mayiwa amakhulupirira kuti masingano ndi huangqi ndi zimene zinawachiritsa, ndipo amauza aphunzitsi anzawo motero. Ine sindingalembe choncho m'lipoti. Tinasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo ziwiri mwa izo, steroid wa m'mphuno woyambidwa msanga ndi kusiya madontho aja, pazokha zimatha kubweretsa kusintha kwakukulu. Kuchuluka kwa mungu nakonso kumasiyana chaka ndi chaka malinga ndi mvula. Pa masingano pali kafukufuku wooneka bwino: wa ku Germany wotsogozedwa ndi Benno Brinkhaus, wofalitsidwa mu 2013, anatenga odwala 422 ndipo anapeza kuti obayidwa pa malo enieni kwa masabata asanu ndi atatu anapeza bwino ndi kumwa mankhwala ochepa kuposa obayidwa mongoyerekeza, ngakhale kusiyanako kunali kochepa ndipo sikunakhalitse chithandizo chitatha. Mu 2015 bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi la ku America linati masingano angaperekedwe kwa wofuna, koma pa zitsamba silinapereke chigamulo. Zimene ndinaona mwa mayiwa zikugwirizana ndi chithunzi chimenechi. Chandikhutiritsa kwambiri ndi chakuti ndondomeko ya pa kalendala, ndi kubwera kwawo kawiri pa sabata, zinawathandiza kumwa mankhwala a chipatala mokhulupirika, chinthu chimene chinalephereka kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Nyengo itatha tinakambirana za chithandizo chozoloweretsa thupi ku mungu. Mu 2021 dziko la China linavomereza madontho oika pansi pa lilime opangidwa kuchokera ku mungu wa Artemisia annua, chomera chomwe chija chimene Tu Youyou anapezamo artemisinin n'kulandira mphotho ya Nobel mu 2015, ndipo ndi kumene kumachokera gawo limodzi la LA amene timamwa kwathu tikadwala malungo. Madonthowa amayambidwa miyezi ingapo nyengo ya mungu isanafike, amamwedwa kwa zaka pafupifupi zitatu, ndipo amafuna kuti mphumu ikhale yogonja kaye. A dipatimenti ya mapapo avomera kuti ayambe mu Epulo, mlingo woyamba adzalandirira ku chipatala akuyang'aniridwa. Kwa ife adzabwera kumapeto kwa Juni kudzayezetsa magazi a chiwindi ndi mphamvu ya mpweya asanayambenso Yu Ping Feng San, ndipo mawu ofiira aja akadali pa chikuto cha faelo yawo.